Dilaya ya Madamu ndi Mpopi wa M'komboni

Ndinachoka ku Dedza ndili ndi mwana kumbuyo ndi mphika m'thumba. Amuna anga, bambo a Esinati, ankati tikakhalako pang'ono, tikapeza malata ndi njinga, tibwerera. Tinadutsa ku Tete pa basi yodzaza mpaka pakhomo, thukuta lili kamukamu, mwana akulira njira yonse. Pa chipata cha m'malire cha Nyamapanda anatifunsa zambiri m'chiyankhulo chimene sindinkamva, ine n'kumangovomera. Amalume awo a bambo a Esinati anali kale pa famu ina ya fodya kufupi ndi Raffingora, ndipo ndiwo anatipezera chipinda m'komboni, kumene kumakhala antchito.

M'komboni munali ife a ku Malawi, ena a ku Mozambiki, ndi ana ambirimbiri obadwira konko, amene Malawi sanamuonepo koma ankamutchula kuti kwathu. Chichewa chawo chinali chosakanizika ndi Chishona. Minibasi ankati kombi, moni wam'mawa ankati mangwanani, ndipo posakhalitsa nanenso lilime linapindika. Lamlungu ena tinkapita kutchalitchi, Lachisanu ena kumzikiti, koma pa maliro tinkakhala pa mphasa imodzi. Eni dziko akakwiya ankatitchula mabwidi, n'kutiuza kuti “hamuna musha”, kutanthauza kuti tilibe mudzi. Ine ndinkayankhira mumtima kuti mudzi ndili nawo, ndausiya dala kuti ndidzakulimireni fodya wanuyu.

Bambo a Esinati ankasonkha moto m'mabalani owumitsira fodya. Utsi unawadya pachifuwa pang'onopang'ono, mpaka tinakawaika kuseri kwa mabulugama kumene tinkaika anzathu onse. Kwathu anatumiza uthenga kuti ndibwerere. Sindinabwerere. Ndikanapita ndi chiyani, mphika womwe uja? Ndinkangowatumizira mabulangete, sopo ndi mafuta ophikira kudzera mwa madalaivala a mabasi, ine n'kumakhalabe.

Ndinayamba ndi shedi yosankhira fodya, kenako ananditengera kunyumba yaikulu kukachapa ndi kusita. Azungu eni famu atachoka, famu inapita m'manja mwa bwana wina wa ku Harare amene ankangobwera mwa apo ndi apo. Pafamu pankakhala mkazi wake, amene tinkangoti Madamu, ndi mlongo wake wa Madamuyo, Tichaona, amene anamuika kukhala manijala. Anthuwa anandipeza m'chipinda chochapira monga anapezera sinki ndi tebulo, ndipo anandisiya momwemo.

M'chipindamo munali makina ochapa, ndi ena owumitsa zovala amene tinkawatchula dilaya. Ndi chibokosi choyera chokhala ndi chitseko kutsogolo. Umaponyamo zonyowa, m'kati mumazungulira chidiramu chachitsulo, mphepo yotentha n'kumadutsa, zovala n'kutuluka zouma. Nthunzi imatulukira pa paipi yakumbuyo yolowa m'khoma. Pakhomo pake pali kasefa kogwira ubweya wa zovala, ndipo kasefako ndinkakayeretsa ndikangomaliza ntchito, monga anandiphunzitsira mkazi wa mzungu uja.

Nthawi ya dzuwa dilaya inkangokhala. Ntchito yake inali m'dzinja. Kumeneko kuli ntchentche zina zoikira mazira pa zovala zonyowa zoyanika panja. Ukavala osasita, mphutsi zimalowa m'khungu n'kutupitsa ngati zithupsa. Chaka chimenecho Madamu anali ndi khanda, ndiye matewera, matawulo ndi tinsalu tofunda sizinkatha m'beseni. Mphutsi ankaziopa kuposa njoka.

Vuto linayamba mvula itakhazikika. Tsiku lina ndinatsamira dzanja pamwamba pa dilaya, ndinalichotsa msangamsanga. Panali potentha ngati chiwaya. Zovala zinkatuluka zamoto koma zonyowabe, ndipo m'chipinda munkamveka fungo ngati la tsitsi lopserera. M'mawa mwake makina atazungulira kanthawi, kunamveka “pha!” ku bokosi la magetsi la m'khonde, nyumba yonse zii. Firiji, wailesi yakanema, zonse. Ndi m'komboni momwe magetsi anathima, chifukwa waya wopita kumeneko unkachokera pa bokosi lomwelo. Waya umenewo ndiwo unkayendetsa pampu yotipopera madzi pa mpopi wathu ndi kuyatsa mababu ochepa.

Tichaona anabwera n'kukweza swichi imene inagwa. Magetsi anayaka. Ndinayatsanso dilaya. Inazungulira, inatentha, pha!

“A Manijala, makinawa akudwala,” ndinamuuza. “Gwirani pamwambapa mumve. Muitane wamagetsi.”

Sanagwire. “Aiwa, Mai Esinati, makina alibe vuto. Ndi anthu anu aja. Akuba magetsi kukomboni, ndiye waya ukulemedwa.”

Ndinadziwa amene ankamunena. Abiti Jafali anali mnzanga, Myao wobadwira m'komboni momwemo, makolo awo ochokera ku Mangochi. Ankagulitsa matemba, mandasi ndi tizakumwa toziziritsa ta m'timapepala, ndipo anali ndi kafiriji kakale kamene kanalipo chibwerere cha ine, kodziwika ndi aliyense. Bambo a Esinati atamwalira, Abiti ndi amene anasiya nyumba yawo n'kudzakhala nane mpaka nditayambanso kudya.

Tichaona anatenga pulayazi, anakwera pa polo n'kudula waya wa kukomboni. Anauza Abiti pamaso pa anthu kuti fodya akatha, akafune kwina kokhala. Pampu inaima, mpopi unauma. Amayi anayamba kukatunga kudamu kumene kunkamwa ng'ombe, kumenenso ankatsukirako mapampu opopera mankhwala a fodya.

Masana a tsiku lomwelo ndinayatsa dilaya, komboni yonse ilibe ngakhale babu limodzi loyaka. Inazungulira, inatentha, pha! Ndinamusaka Tichaona mpaka ndinamupeza kugalaja.

“A Manijala, swichi yagwanso. Lero waba ndani? Mabwidi mwawadulira kale.”

Anandiyang'ana ndi diso loipa. Anati ndine ndikudzaza zovala kwambiri. Ndinachepetsa, ndinaikamo timatewera tochepa iye akuona. Inagwetsabe. Anati sindiyeretsa sefa. Ndinaisolola n'kumupatsa m'manja, inali mbee. Anati mwina ndi soketi. Tinakokera waya ku soketi ya kukhitchini, zomwezo. Tinazimitsa simbi, ketulo, makina ochapa, n'kusiya dilaya yokha. Inkayamba bwinobwino, koma ikangotentha, swichi pansi. Ngakhale ine wosaphunzira zamagetsi ndinaona kuti nkhani ili pa kutenthako. Chimene sindinkadziwa ndi chakuti kutenthako kukuchokera kuti.

Ndiye Tichaona anatenga sikuludilaiva, anamasula pulagi ya dilaya n'kuzula kawaya kobiriwira.

“Aka ndi kamene kakuopseza swichi,” anatero. “Tsopano yatsani.”

Zoonadi, makina anazungulira nthawi yaitali osagwetsa magetsi. Iye anachoka akuimba mluzu. Ine ndinapitiriza kuchapa pa sinki, ndipo itakwana nthawi ndinapita kukatsegula dilaya manja ali onyowa. Ndinangokhudza chitsulo cha m'mbali. Chinandimenya kuyambira kuzala mpaka m'mano, n'kundiponyera pa dengu la zovala. Kukhonde swichi inagwa. Ndinakhala pansi pa simenti, mkono uli dzanzi. Maso anga anagwera pa kabeseni kosambitsira khanda. Madamu ankakonda kulisambitsira m'chipinda momwemo chifukwa munkafunda, ndipo thawulo lake ankalitsamiritsa pamwamba pa dilaya.

Nditadzuka, ndinazula pulagi, ndinakulunga waya wake, n'kuvundikira beseni pamwamba pa makinawo. Ndinapita kwa Madamu.

“Madamu, dilaya sindiyatsanso.”

“Koma Tichaona akuti wakonza.”

“Wakonza kuti iphe munthu. Taonani mkonowu, sukukwera.”

Madamu sanali munthu woipa. Anali wotopa ndi khanda, woopa mwamuna wake, woopanso kutsutsa mlongo wake pamaso pa wantchito. Anandigwira mkono, anausisita pang'ono, kenako anausiya.

“Nanga zovala za mwana, Mai Esinati? Mukufuna alowe mphutsi?”

“Ndiyanika m'khonde, ndisita chilichonse kunja ndi m'kati. Mphutsi siimukhudza. Koma makina awo handidi, sindiwafuna. Muitane wamagetsi, ndipo mutibwezere madzi.”

Anati alankhula ndi Tichaona. Masiku anapita. Ndinamanga zingwe m'khonde monse, ndipo ndinkaima pa tebulo losita kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kutsata msoko uliwonse ndi simbi, ngakhale timasokosi ta khanda. Mkono womenyedwa uja unkalemera, ndiye ndinkasita ndi wamanzere. Mapazi anatupa mpaka nsapato zinakana. Ndikaweruka ndinkasenzanso chigubu kupita kudamu. M'komboni ana anayamba kutsegula m'mimba. Tinkawiritsa madzi, koma nkhuni zinali zonyowa, ndipo mayi woweruka m'munda atatheratu samadikira kuti madzi awire.

Ndinakumana ndi Abiti Jafali panjira ya kudamu, atanyamula ndowa. Kafiriji kawo kanali katasanduka kabati yosungiramo mbale.

“Amake Esinati, ndamva zimene mukuchita kunyumba yaikulu,” anatero. “Musataye ntchito chifukwa cha ine. Ine ndi wa m'komboni, ndipita kukomboni ina. Yatsani makinawo.”

“Si za inu nokha, anzanga. Mkono uwu ndi wanga. Ndikayatsa, ndiye kuti ndavomera kuti munaba.”

“Ndinu ouma mutu.”

“Mwazindikira lero?”

Tinaseka, n'kutsetserekera kudamu m'matope.

M'mawa wina Tichaona analowa m'chipinda chochapira atanyamula mulu wa mabulangete. Anati bwana akubwera ndi alendo, zonsezi zichapidwe ndipo ziume lero. Kunja kunali mvula yowaza yosakata. Anachotsa beseni langa pamwamba pa dilaya n'kuliponya pansi.

“Yatsani, kapena kalongedzeni. Chipinda mukugonamocho ndi cha famu.”

Ndinaganiza za chipindacho. Ndimo mmene Esinati anakulira, ndimonso mmene bambo ake anatsirizikira. Ndinalibe kwina kopita m'dziko limenelo. Komabe thupi langa linali litasankha kale. Ndinapita pakhomo pa chipinda chochapira, ndinakhala pansi pa chiundo cha chitseko, n'kutambasula miyendo yotupayo.

“Sindiyatsa, ndipo sindilongedza. Ndikachoka pano muikapo mwana wa munthu wina kuti chimumenye. Ndikhala pompano mpaka wamagetsi abwere.”

“Ndiitana apolisi.”

“Aitaneni. Akafika anyowetse manja, agwire makinawo, kenako anditenge.”

Anakalipa m'Chishona mawu amene sindingabwereze. Anati anthu opanda mudzi timaiwala kuti tikukhala mwachifundo. Ndinamuuza kuti mitengo ya m'bwalo lake ija inadzalidwa ine ndilipo, iye asanadziwe kuti Raffingora ili mbali iti. Wophika wa kunyumba yaikuluyo anamva zonsezi pa zenera, ndipo sindikudziwa kuti anatumiza bwanji mawu, koma pasanapite nthawi ndinaona amayi akubwera kuchokera kumabalani kumene ankamanga fodya. Aliyense anali atadzera kwake kukatenga ndowa yopanda kanthu. Abiti Jafali anali patsogolo, mpango uli kumutu. Panali akutchalitchi, akumzikiti, ndi amayi Achishona obwera kudzagwira ganyu, popeza nawonso ankamwa pa mpopi womwewo. Sanaimbe, sanakuwe. Anakhala pa kapinga wa Madamu, mvula ikuwawaza, ndowa zili patsogolo.

Inali nyengo yothyola fodya. Masamba othyoledwa anali mulumulu m'matirela, ndipo fodya wotere sadikira munthu. Akakhalitsa osamangidwa amatentha n'kuda. Tichaona ankadziwa zimenezo kuposa ife. Anayenda uku ndi uku, foni ili kukhutu, akuopseza uyu, akunyengerera uyo. Palibe anadzuka.

Madamu anatuluka pakhonde atanyamula khanda. Anayang'ana ndowa zija kwa nthawi, anayang'ana ine pansi paja. Kenako anapempha foni kwa mlongo wake, osamufunsa maganizo, n'kuimbira wamagetsi wa ku Banket.

Anafika chakumasana pa kagalimoto kokalamba. Anali bambo wa imvi zoyamba, dzina lawo a Kamwendo. Anandipatsa moni m'Chishona, koma atamva kayankhulidwe kanga anamwetulira n'kusintha.

“Kasi ndimwe a kumudzi? Agogo anga anachokera ku Kasungu. Chichewa changa n'chothyoka, mundikhululukire.”

Ndinawapatsa njira. Sanayambe ndi zitsulo, anayamba ndi mafunso. Kodi swichi imagwa mukangoyatsa, kapena makina akatentha? Zovala zimatuluka zouma? Fungo linayamba liti? Ndinawafotokozera zonse, ndi za kumenyedwa kwanga. Anatenga pulagi, anaimasula, anaona kawaya kobiriwira kali lende. Sanafunse kuti anazula ndani. Anangopukusa mutu n'kukabwezera pamalo pake. Anati kawayako ndi kamene kamathawitsira magetsi pansi kuti asamenye munthu. Anasolola sefa, anaiyang'anira kuwala, anaibweza. Kenako anakankha makina n'kuloza paipi yakumbuyo.

“Iyi imatulukira kuti?”

“Panja, pafupi ndi mtengo wa gwafa,” ndinayankha. Koma ndisanatseke pakamwa ndinakumbukira kuti gwafayo anadulidwa chilimwe chathacho. Kuseri kwa khoma limenelo anamangako kachipinda kosungiramo chakudya cha nkhuku. Tsiku ndi tsiku ndinkadutsa pamenepo, koma za paipi sizinandibwererepo m'mutu.

Tinazungulira, Madamu akutitsatira. M'kachipindamo matumba anali atasanjikidwa mpaka kudenga, otsamira khoma. A Kamwendo ndi wophika anawasuntha. Kukamwa kwa paipi kunali kuseri kwake, kotsekedwa ndi thumba, khoma lonse lozungulira lili ndi nkhungu. Analowetsamo waya wopinda kunsonga n'kukoka. Kunatuluka chimbulu cha ubweya wa zovala chothinana ngati chipewa. Anakokanso, kunatuluka gaga, nthenga, tizidutswa ta masaka, ndipo pomaliza khoswe wouma. Madamu anakuwa n'kubwerera m'mbuyo.

“Makoswe anapeza nyumba yofunda,” anatero a Kamwendo. “Makina awa amapuma ngati munthu. Mphepo yotentha ikasowa potulukira imabwerera m'kati.”

Tinabwerera m'chipinda chochapira, ndipo anamasula chitsulo chakumbuyo. M'kati monse munali ubweya, wina wopserera wakuda bii. Anandiitana kuti ndione. Panali waya wopotanapotana ngati wa mbaula yamagetsi, umene umatenthetsa mphepo. Mbali ina unali utafooka n'kulendewera pafupi ndi chitsulo cha bokosi, ndipo pachitsulopo panali chipsera. Anandionetsanso kanthu kakang'ono ngati batani la jasi, kosungunuka m'mbali.

“Aka ndi kamlonda. Makina akatentha mopyola, kamazimitsa moto. Kanagwira ntchito mpaka kanapsa. Ndiye waya uyu anapitiriza kutentha, anafooka. Akazizira amakhala patali, akatentha amatamuka n'kukhudza chitsulo. Pamenepo magetsi amalowa m'bokosi lonse, swichi n'kugwa. Swichi ija sinkalakwa, Madamu. Inkakupulumutsani. Ubweya uwu ukanayaka, bwenzi tikunena zina.”

Kenako anatembenukira kwa ine. “Nanunso amayi, sefa yokha sikwanira. Muzisuzumira kumene paipi imatulukira, muziika dzanja mumve ngati mphepo ikutuluka. Matawulo onyowa musamaunjike, makinawa ndi okalamba.”

“Ndamva,” ndinatero. “Koma pali funso lina. Kafiriji ka m'komboni kakukhudzana bwanji ndi khoswe ameneyu?”

Anandiyang'ana osamvetsa. Madamu ndi amene anawafotokozera, motsitsa mawu, za waya wodulidwa. A Kamwendo anapukuta manja pa kansanza.

“Kafiriji ndi pampu? Ayi, sizikukhudzana. Vuto lonse lili m'bokosi ili.”

Anati zitsulo zatsopano akazifuna ku Chinhoyi, ndipo mpaka atabwera nazo munthu asayatse dilaya. Ananyamula pulagi yake n'kuika m'thumba. Tichaona, amene anali ataima patali nthawi yonseyi, anauza amayi aja kuti nkhani yatha, abwerere kumabalani, waya adzalumikiza mawa.

Abiti Jafali anagogoda ndowa yawo ndi chala. “A Manijala, izi zikadzaza, fodya wanu amangidwa. Mawa ndi kutali, ana ali ndi ludzu lero.”

Madamu anapempha a Kamwendo kuti akwere pa polo asanapite. Amayi ananyamuka n'kuwatsatira, ndowa zili m'manja. Ine sindinapite nawo. Mabulangete a alendo anali akadali pansi, ndipo tizovala ta khanda tinkadikira simbi. Ndili pa tebulo ndinamva nthungululu kuchokera kukomboni. Anandiuza pambuyo pake kuti mpopi unayamba watsokomola, unalavula madzi ofiira, kenako oyera. Fodya anamangidwa yense tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. Alendo a bwana anafunda mabulangete ena a m'kabati.

Palibe anapepesa. Sindinayembekezenso. A Kamwendo anabwera ndi zitsulo, anakonza dilaya, anaboola khoma lina kuti paipi itulukire panja penipeni. Makina anayamba kuzungulira mofatsa, pamwamba pake pongofunda. Za kusamuka kwa Abiti palibe anazitchulanso, ndipo kafiriji kawo kanayambanso kulira.

Koma Tichaona sanaiwale kuti ndinamukhalira pakhomo anthu akuona. Fodya atagulitsidwa anandiuza kuti kukubwera wachibale wawo kudzagwira ntchito yochapa, ine ndipite kumunda kukapalira nazale. Madamu anali pomwepo, maso ali pa khanda. Wachibaleyo atafika ndinamuonetsa zonse: sefa, potulukira paipi, kuchuluka kwa zovala. Ndinamuuza kuti swichi ikagwa, asalole munthu aliyense kuitseka pakamwa, ngakhale akhale malume wake. Kenako ndinavula epuloni, ndinaipinda bwinobwino n'kuisiya pa tebulo. Kunazale sindinapite. Ndinaona kuti msana wanga wawerama mokwanira m'minda ya eni, ndipo ngati uti uweramenso, uwerame m'munda wa amayi anga.

Esinati anali atakwatiwa ku Banket. Analira, anati ndikakhale nawo. Ndinamuuza kuti mkamwini ndi wabwino ukamamuchezera. Ndinapita kuseri kwa mabulugama, ndinalambula manda a bambo ake, ndinawauza kuti ndikupita. Abiti anandiperekeza mpaka pamsewu, atandimangira matemba m'kathumba. Kombi inaima. Anangondikonza mpango kumutu ngati ndine mwana wawo.

Ku Dedza ndinapeza mudzi utasuntha. Amayi anali atamwalira kalekale ine ndili kutali. Mng'ono wanga, amene ndinamusiya akuphunzira kusinja, anali ndi zidzukulu. Anandilandira, anapha nkhuku, koma ana ankabisala kuseri kwa nkhokwe n'kumaseka ndikalakwitsa n'kunena kuti maswera m'malo mwa mwaswera. Ndinkamva akuluakulu akunong'ona kuti mtchona wabwera. Mabulangete amene ndinkatumiza ndinawaona pa zingwe, atatha ndi kufundidwa, koma palibe anawatchula.

Patapita masiku achimwene anga anandiitana pakhonde, mng'ono wanga ali pomwepo.

“Achemwali, inu munatchona. Munda wa amayi tinagawana kale, ana a mng'ono wanuyu ndi amene akulima. Ndiye tagwirizana kuti muzikhala pano. Paja munazolowera kuchapira mabwana, muzithandizako zochapa ndi kuyang'anira ana.”

Ndinawafunsa ngati amaliza. Anati amaliza. Ndinawathokoza chifukwa cha nkhuku ija, n'kukagona.

M'mawa ndinabwereka khasu kwa mayi wina woyandikana nafe. Pangodya ya munda wa amayi pali chulu chachikulu chimene palibe ankachilima. Ndinakwera, ndinasenga tchire, n'kuyamba kukumba dothi la njerwa. Dzuwa litakwera anafika mwana wamkulu wa mng'ono wanga, bambo wandevu zake, akupuma mofulumira.

“Mayi aakulu, wakulolani ndani kukumba pano?”

Ndinaimika khasu. “Munda uno ndinaulima amayi ako ali kumsana kwanga. Ngati ukufuna chilolezo, kafunse agogo ako kumanda. Ukapanda kupita kumeneko, tenga chigubu ukanditungire madzi, dothili lauma.”

Kumanda sanapite, madzinso sanatunge. Anaima, anandiyang'ana, n'kubwerera kukanena. Madziwo ndinakatunga ndekha, tsiku limenelo ndi masiku ena onse, mpaka njerwa zinakwana. Anabwera achimwene, anabwera mng'ono wanga, analankhula mpaka malovu kuuma, ine ndikuponda dothi. Nyumba imene ndikugonamo lero ndi ya chulu chimenecho, ndipo kiyi wake ndimamanga pa chitenje changa.